Bearing ya tayala: kulira kwake, kuipima ndi kuisintha

Pa Njuli, m'boma la Chiradzulu, pamakumana misewu ya mitundu iwiri. Pali msewu wa tara wa M3, wochoka ku Limbe kulowera ku Zomba kudzera pa Mbulumbuzi, Namadzi ndi Thondwe. Palinso timisewu tafumbi totuluka m'midzi ndi kumalo oswera miyala ya kwale, momwe malole olemera amadutsa tsiku ndi tsiku. Galimoto zambiri za m'derali, monga maminibasi, ma Sienta, ma Probox ndi mapikapu onyamula mbewu, zimayenda monse muwiri. Chipangizo chimodzi chimene chimazunzika kwambiri ndi mayendedwe otere ndi bearing ya tayala. Imawonongekera kufumbi ndi kumatope, koma kulira kwake kumakamvekera patara, pamene galimoto yatenga liwiro ndipo msewu uli wosalala.

Kulirako ndi chenjezo, ndipo nthawi zambiri kumayamba kudakali nthawi yokwanira yokonzera. Bearing yonyalanyazidwa imatentha, girizi wake amapsa, zitsulo zimayamba kudyana, ndipo mapeto ake tayala limatha kugwira mwadzidzidzi kapena kuguluka galimoto ili paliwiro. Kwa minibasi yodzaza anthu pamtsetse, zimenezi si nkhani ya ndalama zogulira chipangizo ayi.

Chimene bearing ili

Tayala limamangidwa pa habu, chitsulo chokhala ndi mabawuti chimene chimazungulira pamodzi nalo. Pakati pa habu ndi mbali ya galimoto imene sizungulira ndi pamene pamakhala bearing: mphete ziwiri zachitsulo cholimba, yakunja ndi yam'kati, ndipo pakati pake pali timipira kapena tizitsulo tobulungira tokhala m'girizi. Kulemera konse kwa galimoto, anthu ndi katundu kumadutsira pa tizitsulo timeneti. Tayala la galimoto yaing'ono, la saizi ya 175/70 R14, limazungulira maulendo pafupifupi 530 pa kilomita imodzi. Paliwiro la makilomita 80 pa ola, ndiye kuti bearing ikuzungulira maulendo oposa 700 pa mphindi iliyonse, itasenza mtolo wonsewo.

M'galimoto za m'misewu ya dziko lino mumapezeka mitundu itatu, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana. Mtundu wakale ndi wa ma bearing awiri osongokera mbali imodzi, oyang'anizana pa habu imodzi. Luso lake ndi la Henry Timken wa ku America, amene analilembetsa mu 1898, ndipo mpaka lero limapezeka kumatayala akutsogolo a maminibasi akale, mapikapu ndi malole. Ubwino wake ndi wakuti bearing yotere imamasulidwa, kutsukidwa, kupakidwa girizi watsopano ndi kumangidwanso.

Mtundu wachiwiri ndi wotsekeratu kufakitale, wa mizere iwiri ya timipira, umene umakanikizidwa mwamphamvu m'chitsulo chogwira tayala chimene amakaniko amati nakolo. Uwu ndi umene uli kutsogolo kwa galimoto zing'onozing'ono zambiri zochokera ku Japan. Sutsegulidwa, suwonjezedwa girizi, ndipo ukatha umangosinthidwa. Mtundu wachitatu umabwera wolumikizana kale ndi habu yake, n'kumangidwa ndi mabawuti atatu kapena anayi. Umakwera mtengo pogula, koma suvuta kuika.

Chifukwa chake imatha msanga kuno

Bearing yabwino, yoikidwa bwino, imatha kuyenda makilomita oposa 100,000. Koma galimoto zambiri za m'Malawi zimafika kudzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban zitayenda kale mtunda wautali ku Japan, ndipo zimayamba ntchito yolemera kuposa imene zinapangidwira. Sienta ili ndi mipando ya anthu asanu ndi awiri. Ikanyamula anthu oposa pamenepo, matumba a chimanga kumbuyo ndi madengu a tomato pamwamba, ma bearing akumbuyo ndi amene amalipira.

Dzenje la mumsewu limapha bearing mwa njira yake. Tayala likagwera m'dzenje paliwiro, timipira timamenya mphete mwamphamvu n'kusiyamo timaenje tosaoneka ndi maso. Kuyambira tsiku limenelo, kampira kalikonse kakadutsa pamalopo kamagunda pang'ono, ndipo pakapita miyezi pamayamba kusupuka. N'chifukwa chake dalaivala amatha kudabwa kuti bearing yayamba kulira popanda chimene chachitika sabata imeneyo, pamene chinaipha chinachitika kalekale.

Mdani wamkulu, makamaka kudera ngati la Njuli, ndi madzi ndi fumbi. Bearing imatetezedwa ndi kampira kopyapyala kotchedwa silo. Habu yotentha ikamira m'madzi ozizira, monga powoloka khwawa m'nyengo ya dzinja, mpweya wa m'kati umakhwinyata ndipo madzi amatha kukokedwa kudutsa pa silo yakutha. Madziwo amasungunula girizi n'kuyambitsa dzimbiri. Fumbi la miyala likalowa, girizi amasanduka ngati phala lonolera mipeni. Galimoto zimene zinayenda m'madzi osefukira pamene namondwe Freddy anakantha Chiradzulu, Blantyre ndi maboma ena akummwera mu Malichi 2023 zinali pachiopsezo chotere, ndipo chiopsezocho chimabweranso dzinja lililonse. Nawonso otsuka galimoto ndi makina opopera madzi mwamphamvu amawononga ma bearing ambiri akalozetsa mpope pakati pa tayala.

Kumva ndi khutu

Chizindikiro choyamba ndi kung'ung'uza kochokera kutayala, kofanana ndi kulira kwa ndege ili patali. Kumayamba kumveka galimoto ikafika paliwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, ndipo kumakula liwiro likamakwera. Phokosoli limatsata liwiro la tayala, silitsata injini. Dalaivala akaponda kilatchi kapena kusintha giya, kulira kwa injini kumasintha, koma kwa bearing kumakhala chimodzimodzi.

Njira yachiwiri imathandiza kudziwa mbali imene yavuta. Pamsewu wowongoka, wopanda anthu ndi galimoto zina, dalaivala amapotoza chiwongolero pang'ono kumanzere, kenako kumanja, paliwiro losapitirira. Galimoto ikamakhotera kumanzere, kulemera kumapita kumatayala akumanja. Ngati phokoso likukula pamenepo, n'kuchepa pokhotera kumanja, wokayikiridwa woyamba ndi bearing yakumanja. Njirayi imalondola nthawi zambiri koma osati nthawi zonse, poti bearing ya mizere iwiri imatha kutha mzere umodzi wokha n'kumalira mosokoneza, ndiponso phokoso limayenda m'zitsulo za galimoto. Ambiri agulapo bearing yakutsogolo pamene yolira inali yakumbuyo. Pamsika wa Njuli penipeni, pomwe pamakhala anthu owoloka, njinga za kabaza ndi maminibasi oima mwadzidzidzi, si pamalo poyesera zimenezi.

Pali zinthu zina zolira mofanana, ndipo zimasocheretsa ngakhale amakaniko. Tayala lakutha mosalingana, lokhala ndi mabondomabondo, limang'ung'uza ngati bearing. Kusiyana kwake n'kwakuti phokoso la tayala limasintha malinga ndi msewu, ndipo munthu akasisita mphira ndi chikhatho amamva mano. Kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kumathetsa mkangano: phokoso likasamuka, vuto ndi tayala. CV joint yakutha imalira mogogoda, tha-tha-tha, pokhota kwambiri paliwiro lochepa. Phokoso la mabuleki limasintha munthu akangoponda buleki. Pagalimoto zoyendetsedwa ndi matayala akumbuyo, difu nayo imalira, koma kulira kwake kumasintha poponda ndi posiya mafuta.

Kupima ndi manja

Khutu limangopereka chikayikiro, umboni umapezeka galimoto itakwezedwa. Iimikidwe pamalo athyathyathya ndi olimba, matayala otsala atchingidwe, ndipo ikakwezedwa ndi jeke ikhazikidwe pa sitandi yachitsulo. Njerwa ndi miyala yosanjikiza, zimene zimaoneka kawirikawiri m'mphepete mwa misewu, zimaphwanyika popanda chenjezo, ndipo jeke yokha siyokwanira kuti munthu alowetse thupi lake pansi pa galimoto.

Wopima amagwira tayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza mokoka ndi mokankha. Ngati likugwedera, mwina ndi bearing, mwinanso ndi ball joint. Posiyanitsa, munthu wina aponde buleki mwamphamvu pamene mnzake akugwedeza. Kugwedera kukatha, vuto ndi bearing, chifukwa buleki yagwira habu. Kukapitirira, vuto lili ku ball joint kapena mbali zina za miyendo ya galimoto. Kugwedera komveka pokhapokha tayala likagwidwa cha kumanja ndi kumanzere nthawi zambiri kumachokera ku tie rod, ya chiwongolero. Pa bearing yotsekeratu, malire ake ndi ochepa zedi. Mabuku a Toyota a galimoto zing'onozing'ono zambiri amalola kugwedera kosaposa mamilimita 0.05, ndipo kugwedera kumene dzanja lingamve kwadutsa kale malire amenewo.

Apa pali msampha: bearing yotsekeratu imatha kukhala yakutha koma osagwedera n'komwe. Motero tayala liyeneranso kuzunguliridwa ndi dzanja. Dzanja lina ligwire sipuling'i, chifukwa kukhakhala kwa bearing kumayenda m'chitsulo n'kumamveka m'zala ngati kunjenjemera. Amakaniko ena amakhazika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa nakolo n'kuika khutu pa chigwiriro chake. Kufanizira mbali ziwiri kumathandiza kwambiri, poti yabwino imazungulira mwakachetechete.

Kutentha nako ndi umboni. Pambuyo pa ulendo wautaliko, habu imodzi ikatentha kuposa inzake, kapena pakamveka fungo la girizi wopserera, galimotoyo isapitirire ulendo isanaonedwe. Buleki yogwirira nayo imatenthetsa tayala, choncho zonse ziwiri zionedwe, ndipo chitsulocho chisakhudzidwe ndi dzanja mwachindunji. Pagalimoto zokhala ndi ABS, nyali yake imatha kuyaka bearing ikatha, popeza kachipangizo kowerenga liwiro la tayala kamadalira habu yosagwedera.

Kugula

Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo kwambiri, ndipo chiyeso chogula chotchipa chinakula. Mayina odziwika padziko lonse ndi monga NSK, NTN ndi Koyo a ku Japan, SKF ya ku Sweden, imene inayamba mu 1907, komanso Timken. Tsoka lake, mayina omwewa ndi amene akamberembere amakopera pamabokosi. Vutoli ndi lalikulu moti bungwe la opanga ma bearing padziko lonse, World Bearing Association, lili ndi ntchito yolimbana ndi ma bearing achinyengo, kuphatikizapo pulogalamu ya pafoni yothandiza kutsimikiza chizindikiro cha pabokosi. Mtengo wotsika modabwitsa, zilembo zosaoneka bwino pachitsulo, ndi bearing yokhakhala ikadali yatsopano ndi zifukwa zokwanira zobwezera katunduyo pakauntala.

Wokagula ku Limbe kapena ku Blantyre atenge nambala ya chasisi kapena bearing yakaleyo. Galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka, komanso ngati zili ndi ABS kapena ayi. Bearing yogwirapo kale ntchito, yochotsedwa m'galimoto yophwasula, njosadalirika ngati ili ya mtundu wokanikiza, chifukwa kuichotsa komweko kumaiwononga.

Kusintha: pamene ma bearing atsopano ambiri amafera

Mtundu wokanikiza ndi umene umafuna chisamaliro chachikulu. Nati yaikulu ya pakati pa habu imamasulidwa koyamba, kenako tayala, kalipa ya buleki ndi disiki zimachotsedwa. Kalipayo imangiriridwe ndi waya ku sipuling'i, isalendewere pa paipi yake ya mafuta a buleki. Waya wa ABS uchotsedwe mosamala. Tie rod ndi ball joint zikamasulidwa, shafiti imatulutsidwa m'habu, ndipo nakolo yonse imachotsedwa kupita nayo pa makina okanikizira otchedwa pulesi. Pamenepo habu imakankhidwa kutuluka, kamphete kotsekera kamachotsedwa, ndipo bearing yakale imatulutsidwa. Nthawi zambiri theka la mphete yam'kati limatsalira pa habu, ndipo liyenera kukokedwa popanda kukanda habuyo.

Lamulo loika yatsopano ndi limodzi: mphamvu isadutse pa timipira. Polowetsa bearing m'nakolo, pulesi ikanikize mphete yakunja yokha. Polowetsa habu m'bearing, mphete yam'kati ichirikizidwe kuchokera pansi. Zikasemphana, timipira timadinda timaenje m'mphete, monga momwe limachitira dzenje la mumsewu, ndipo bearing imakhala yawonongeka isanayende ndi mita imodzi yomwe. Hamala imachita zomwezo. Makaniko wa pansi pa mtengo amene alibe pulesi angathe kugwira bwino ntchito ina yonse, koma nakolo aitumize kugalaja yokhala ndi pulesi. Mtengo wa minibasi yopita ku Limbe ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa bearing yachiwiri.

Ma bearing ambiri a galimoto za ABS ali ndi maginito m'silo ya mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo iyenera kuyang'ana kumene kuli kachipangizo kowerenga liwiro. Ikalowa chotembenuka, ABS imasiya kugwira ntchito, ndipo palibe kubweza, popeza kuitulutsa n'kuipha. Kachitsulo kopepuka, monga kopanira mapepala, kamakakamira mbali ya maginitoyo, choncho kuyesa kumatenga kamphindi chabe.

Chomaliza ndi nati yaikulu ija. Pa mtundu uwu, natiyo ndi imene imapanikiza mphete ziwiri zam'kati pamlingo woyenera. Ikalephera kulimba, bearing imagwedera n'kutha msanga, ndipo ikalimba mopitirira imatha kuwononga bearing kapena mazinga a shafiti. Pa Toyota zing'onozing'ono zambiri mlingo wake ndi ma newton-mita 216, ndipo manati a tayala ndi 103, koma buku la galimoto iliyonse ndilo liyenera kutsatidwa. Mlingo umenewu umapezeka ndi sipanala yopimira yotchedwa torque wrench. Chizolowezi cholumikiza paipi ku sipanala n'kuidumphira ndi mwendo n'chongoyerekeza, ndipo chawononga ma bearing ochuluka. Nati ikhale yatsopano, ikhomedwe m'kamphako kake kapena kutsekedwa ndi pini yatsopano, ndipo galimoto isatsitsidwe n'kukankhidwa natiyo isanamangidwe, chifukwa kulemera kwa galimoto kumakanula bearing.

Mtundu wa mabawuti ndi wachidule: mabawuti amamasulidwa kumbuyo kwa habu, dzimbiri limapalidwa pamalo pokhalira, yatsopano n'kumangidwa pamlingo wake.

Mtundu wakale, wa maminibasi ndi mapikapu, sufuna pulesi yaikulu, koma umafuna dzanja lodziwa. Bearing iliyonse imasinthidwa pamodzi ndi mphete yake yakunja, imene imakhala m'habu. Kuika tizitsulo tatsopano pa mphete yakale n'kutaya ndalama. Girizi akhale wa ma bearing a matayala, wopirira kutentha, ndipo akanikizidwe ndi chikhatho mpaka atatulukira mbali inayo ya tizitsulo, osangopaka pamwamba. Mitundu yosiyana ya girizi isasakanizidwe, habu isadzazidwe thothotho, ndipo silo ikhale yatsopano nthawi zonse. Pomanga, nati imalimbitsidwa uku habu ikuzunguliridwa kuti zonse zikhale m'malo, kenako imabwezedwa n'kumangidwanso pamlingo wopepuka umene buku likunena. Kulimbitsa nati imeneyi ngati ya tayala ndi njira yachidule yowotchera bearing. N'zoona kuti kugwedera pang'ono pa mtundu uwu kumatha ndi kumanga nati, koma bearing imene yayamba kale kulira siichira ndi kumanga kapena kuwonjezera girizi. Imangokhala chete masiku ochepa.

Kumatayala akumbuyo a maminibasi ndi mapikapu ambiri, bearing imakanikizidwa pa shafiti yochokera ku difu, n'kutsekedwa ndi mphete yolimba imene siibwerezedwa kawiri. Mafuta a difu akayamba kuoneka m'kati mwa tayala kapena pa mabuleki, silo yatha, ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi bearing yogwedera. Mabuleki onyowa ndi mafuta amenewo amasinthidwa, satsukidwa.

Kodi mbali zonse ziwiri zisinthidwe pamodzi? Pa mtundu wotsekeratu palibe lamulo lotero. Inzakeyo ipimidwe, ndipo ngati ili chete ndi yosagwedera isiyidwe. Pa mtundu wakale n'kwanzeru kutsegula mbali zonse ziwiri, poti girizi wake ndi wa msinkhu umodzi.

Ntchito ikatha

Galimoto isananyamuke, buleki ipondedwe kangapo mpaka italimba, chifukwa kalipa ikachotsedwa n'kubwezedwa, kuponda koyamba kumatha kufika pansi osagwira kanthu. Ngati nakolo inachotsedwa, matayala akawongoledwe pamakina, apo ayi mphira idzadyeka mbali imodzi. Kugwedera kwa tayala ndi chimodzi mwa zimene zimayang'anidwa galimoto ikamapimidwa kuti ipatsidwe COF, chiphaso chimene nthambi ya boma yoona za pamsewu, Directorate of Road Traffic and Safety Services, imafuna, koma chiphasocho chimangonena za tsiku limene galimoto inapimidwa. Minibasi yoyenda maulendo angapo patsiku pakati pa Limbe ndi Zomba, pomwe tayala limazungulira maulendo zikwi makumi angapo pa ulendo umodzi, iyenera kukwezedwa ndi kugwedezedwa matayala nthawi iliyonse imene ikusinthidwa oyilo, komanso dzinja likangotha.

Ulendo woyesera uchitike patara, wailesi itazimitsidwa, pa liwiro lomwe lija phokoso linkamvekera. Pobwerako habu ipimidwe kutentha, ndipo manati a tayala aonedwenso pakatha makilomita 50 kapena 100. Bearing yatsopano ikayambanso kulira pasanathe miyezi yochepa pamalo omwewo, kusintha ina osafufuza n'kubwereza vutolo. Habu ipimidwe ngati inadyeka kapena kupindika, bowo la nakolo lionedwe ngati linakula kapena kuphwatalala pamene tayala linagunda dzenje, ndipo mwini galimoto afunse kuti bearing ija inalowetsedwa ndi chiyani, komanso kuti nati yake inamangidwa ndi sipanala yanji.